Khansa ikabweretsa madzi m'chifuwa, wodwala watsala ndi masiku angati?

Zikomo a Gulupu, mashehe, abusa, amayi ndi abambo nonse. Funso lomwe ndabwera nalo lero ndi lija mumandifunsa motsitsa mawu mukandipeza pakhonde la chipatala: "Adokotala, mayi athuwa atsala ndi masiku angati?"

Pakati pa mapapo ndi nthiti pamakhala timadzi tochepa, tongofewetsa kuti mapapo aziyenda bwino popuma. Khansa ikafika pamenepo, madziwo amachuluka, mapapo amapanikizika, munthu amachita befu ngakhale pongopita kubafa. Koma mvetsetsani, si madzi onse a m'chifuwa omwe ndi a khansa. Kuno kwathu nthawi zambiri ndi chifuwa chachikulu, ndipo chimachizika. Choncho timayamba tayeza.

Zikatsimikizika kuti ndi khansa, ndiye kuti yafalikira. Ambiri amakhala miyezi 3 mpaka 12. Mu 2014 ofufuza a ku Britain anatulutsa njira yotchedwa LENT yoyang'ana zinthu zinayi: mlingo wa puloteni ina yotchedwa LDH m'madziwo, maselo oyera a m'magazi, mtundu wa khansa, ndi mphamvu zomwe wodwala watsala nazo. Mwa omwe zizindikiro zawo zinali zabwino, theka anapitirira masiku 319. A pakati, masiku 130. Omwe anafooka kwambiri, masiku 44 okha. Khansa ya m'mapapo imathamanga, ya m'mawere kawirikawiri imapatsako nthawi.

Chachinayicho ndiye ndikufuna tichezepo, chifukwa inu mumachiona bwino kuposa ife. Kodi bambo akumapitabe kunyanja kukasoka maukonde, ngakhale sakupalasa bwato? Akusamba okha? Kapena akugona pamphasa kuposa theka la tsiku? Ife timamuona mphindi khumi, inu mumakhala naye usiku wonse. Ndiye mukabwera musatiuze kuti "ali bwinoko" pofuna kutilemekeza. Nenani momwe zilili.

Nchifukwa chiyani timafuna kudziwa? Inu asodzi mukudziwa, bwato likamalowa madzi pali kukapa, pali kumata pobowoka. Kukapa ndi kupopa madziwo ndi singano, osapitirira lita imodzi ndi theka nthawi imodzi. Munthu amapuma bwino tsiku lomwelo, koma madzi amabwereranso. Kumata ndi kuika chubu, kenako ufa wa talc, kuti mapapo agwirane ndi khoma la chifuwa. Zimenezi zimafuna kugonekedwa masiku angapo, mwina kupita ku Zomba kapena ku Queens. Kwa munthu wa miyezi yambiri kutsogolo, ulendowo ndi waphindu. Koma wotsala ndi masabata ochepa, kumukweza minibasi ndi kumulanda masiku omwe akanakhala ndi adzukulu ake. Ameneyo timupope akabanika, timupatse mofini wakumwa. Mofini woyezedwa bwino amachepetsa ululu ndi befu, sakupha munthu ayi, musamubise pansi pa mphasa.

Manambalawa ndi a gulu la anthu, si a munthu mmodzi. Ndaonapo ena akupitirira zomwe tinkayembekezera. Komabe zimandiwawa ndikaona banja likugulitsa ukonde ndi injini kufunafuna mankhwala kwina, mwana wa ku Joni osauzidwa, nkudzafika maliro atachitika. Wodwalayo ngati akufuna kumva, timuuze modekha, achibale ali pomwepo, kuti anene mawu ake pa za munda ndi ana.

Amayi kumbuyoko ndaona mwakweza dzanja, funsani.