Kadzidzi wa ku Athens: N'chifukwa chiyani ena anamutema pankhope?

Moni nonse. Taonani kandalama aka kali m'dzanja langa. Uku kuli mutu wa mulungu wamkazi Athena atavala chisoti chankhondo. Ndikatembenuza, mukuona kadzidzi watong'ola maso, kamphukira ka mtengo wa maolivi, ndi zilembo zitatu zoimira dzina la mzinda wa Athens. Kwathu kuno kadzidzi akalira padenga anthu sagona, koma kwa Agiriki inali mbalame ya Athena, mwini nzeru.

Dzina la ndalamayi ndi tetradrachm, kutanthauza madrakima anayi (drakima inali ndalama ya Agiriki). Siliva wake ankakumbidwa ku migodi ya Laurion, kum'mwera kwa Athens, yomweyo imene inalipira zombo zimene zinagonjetsa Aperisi ku Salamis m'chaka cha 480 Yesu asanabadwe.

Wotolera ndalama zakale akaipeza, sathamangira kuyang'ana kukongola ayi. Amayamba waiika pasikelo. Yeniyeni imalemera magalamu 17 ndi pang'ono. Ikapepuka kwambiri, pali nkhani.

Kenako chidindo. Kunalibe makina nthawi imeneyo. Munthu ankaika kachibulumwa ka siliva pakati pa zidindo ziwiri n'kumenya ndi nyundo, pho! Dzanja likapendekeka, mphuno ya Athena inkafika m'mphepete, kapena tsumba la chisoti osatulukamo. Ndiye mukapeza yomwe tsumba lonse likuoneka, dziwani kuti mtengo wake wakwera. N'chifukwa chake kampani ya NGC ya ku America, yoyesa ndalama zoterezi, kuwonjezera pa kuona mmene ndalama yaperesekera, imapereka malikisi awiri, kuyambira 1 mpaka 5: ena a kamenyedwe, ena a maonekedwe a pamwamba.

Tsopano tiyandikire pa chipsera ichi chadutsa pamutu pa kadzidzi. Si ngozi imeneyi. Akathyali analipo kalekale. Ankatenga mkuwa, n'kuukuta ndi kasiliva kopyapyala, basi yalowa mumsika. Ndiye wamalonda wa ku Egypt kapena ku Syria, posafuna kupusitsidwa, ankaitema ndi chitsulo chakuthwa kuti aone zam'kati. Kukayera mbuu mpaka pansi, ailandira. Kukatuluka kufiira, mwini wake wayaluka.

Ogula a masiku ano amatsitsa mtengo akaona chipsera chotere. Ine ndiye ndimachikonda. Ndalama yosalala siindiuza kumene inapita, pomwe yotemedwayi ikuonetseratu kuti inafika m'manja mwa munthu wokayikira, kutali ndi kwawo.

Chonde, musaipukute ndi phulusa kapena mankhwala otsukira ziwiya. Kuda kwa pamwamba pake kwatenga zaka zambiri kuti kubwere, ndipo mukakuchotsa mwatsala ndi mikwingwirima, malikisi agwa. Musanalipire, funsaninso wogulitsa mapepala osonyeza kumene inachokera, chifukwa malamulo a ku Greece salola kutulutsa zinthu zakale zofukulidwa m'dzikomo popanda chilolezo.

Amene thumba silikulola, funafunani kobiri la 1 euro la ku Greece. Kadzidzi yemweyu ali pomwepo, maso ali tong'o.