Achimwene, za matikiti a ku Opera House aja

Achimwene, mwaswera bwanji kumeneko? Kuno ku Sydney, ku Australia, kwada kale, paja tili patsogolo ndi maola 8. Ndaona chithunzi cha matikiti mwanditumizira chija, ndiye ndati ndisalembe, ndingolankhula kuti timvane bwino. Mumvetsere mpaka kumapeto chonde, musandidule pakati.

Choyamba, amene mwagulawo si matikiti oonera oimba ayi. Amenewo ndi oti munthu wa pamalopo akuyendetseni m'kati mwa nyumbayo, azikuonetsani maholo ndi kukufotokozerani mbiri yake, kwa ola limodzi basi. Zoimba ndi zisudzo zili ndi matikiti akeake, ndipo mtengo umasiyana malinga ndi mpando. Ndiye musawalonjeze amayi kuti akamva kwaya. Mwina mwamwayi mungapeze ena akuyeserera, koma si zodalira.

Koma chandidetsa nkhawa kwambiri ndi mawondo a amayi. Ulendo mwasankhawo uli ndi masitepe pafupifupi 300, kukwera ndi kutsika, ndipo gulu limayenda limodzi, silidikira munthu. Amayi amene amapumira kawiri pa kachitunda ka kutchalitchi kaja, angathe zimenezo? Ulipo ulendo wina wokonzera anthu ovutika kuyenda, wodzera m'zikepe, koma malo ake amakhala ochepa, umafunika kusungitsiratu. Munditumizire imelo yonse imene anakutumizirani, yokhala ndi nambala ija, osati chithunzi chokha, mawa ndiimbe foni ku ofesi yawo ya matikiti ndipemphe kuti asinthe. Ndipempheranso tsiku lina, chifukwa mwaika m'mawa wa tsiku lotsatira mutangofika. Thupi lidzakhala likadali pa nthawi ya kwathu, amayi azidzasinza chiimire. Padutse kaye masiku atatu.

Eya, ndisanaiwale, mwagula pa webusaiti yawo yeniyeni eti? Pa intaneti pali ena ogulitsanso matikiti omwewo pa mtengo wokwera, ndipo ngati munagula kwa otero, kusintha kumavuta. Muyang'ane dzina lili pamwamba pa imeloyo.

Tsopano kayendedwe, poti tsikulo ine ndidzakhala kuntchito mpaka madzulo. Mudzakwera sitima mpaka Central, pamenepo musinthe, mukwere yopita ku Circular Quay. Ndikupatsani makhadi awiri a Opal olipirira sitima, aliyense yake, chifukwa khadi imodzi siilipirira anthu awiri. Mumagunditsa pa kamakina polowa, n'kugunditsanso potuluka. Mukaiwala potuluka amakudulani ndalama zambiri ngati mwayenda ulendo wautali. Mukatsika pa Circular Quay muyang'ane kumadzi, mukhotere kumanja, muzingotsata m'mbali mwa madzimo. Wathanzi ndi mphindi 10, ndi amayi muwerengere 20. Mlatho waukulu uja, Harbour Bridge, uzikhala kumanzere kwanu.

Mukayandikira, musathamangire masitepe akuluakulu a kutsogolo aja amene mumawaona pa zithunzi. Oyendetsa alendo amakumana nanu m'munsi, pa Welcome Centre, mbali ya kumadzi kumene kuli malo odyera. Mufike kutatsala mphindi 15, ndipo kunena zoona mungofika kutatsala theka la ola, amayi apite kaye kuchimbudzi ndi kupuma. Gulu likanyamuka lanyamuka. Chikwama chachikulu kuposa pepala la A4 amakuuzani kuti muchisiye posungira katundu, ndiye chikwama cha amayi chokhala ndi Baibulo, zitenje ziwiri ndi fulasiki chija chitsale kunyumba. Atenge kachikwama kakang'ono ka mankhwala awo ndi botolo la madzi. Nsapato zikhale zafulati.

Za chikwamazi zandikumbutsa. Ndamva kuti azakhali akukonza usipa, nsinjiro ndi ufa woti munditengere. Mtima wanga ukufuna, moti ndikangoganiza za chisoso chotendera malovu amadzaza m'kamwa. Koma kuno nkhani ya zakudya pabwalo la ndege si yamasewera. Mu ndege amakupatsani kakhadi kolemba, ndipo chilichonse chodyedwa, mbewu, ngakhale mtondo kapena chipande cha mtengo, mulembe kuti muli nacho. Akachiona, ogwira ntchito pabwalopo okha ndi amene anganene kuti chilowe kapena chitayidwe. Kubisa ndiye kumabweretsa chindapusa chachikulu, mwinanso kulandidwa viza. Muwauze azakhali asakhumudwe ngati zina zitatsala. Kodi mwana wawo uja ukwati unatheka? Palibe amene wandiuza.

Tibwerere ku Opera House. M'kati akakuonetsani holo imene ili yopanda anthu nthawi imeneyo, sizikhala zofanana tsiku lililonse. Mukachita mwayi wolowa mu Concert Hall, ya anthu opitirira 2,600, muyang'ane kumwamba kutsogolo, kuli limba la mapaipi opitirira 10,000. Amayi ndi a kwaya, chimenecho chikawagwira mtima. Zojambula mufunse kaye, malo ena amaletsa, makamaka ngati pali oyeserera.

Koma ine ndimati kukongola kwenikweni kuli panja, ndipo panja sipalipiritsa. Mukayandikire denga lija mpaka kuligwira. Patali limaoneka loyera mbuu, koma pafupi muona kuti ndi timatailosi ting'onoting'ono toposa miliyoni imodzi, tina tonyezimira, tina totuwirako ngati mkaka, tinachokera ku Sweden. Anajambula pulani yake ndi Jørn Utzon wa ku Denmark. Anayamba kumanga mu 1959, n'kudzatsegula mu 1973, Mfumukazi Elizabeth ndi imene inatsegulira. Mwiniwake wa pulaniyo anachoka mu 1966 atasemphana ndi boma pa za ndalama, ndipo sanabwerenso kudzaona nyumba yake itatha. Inu omanga nyumba nkhani imeneyo mukaifunse bwino, akakufotokozerani mmene anaumbira zidutswa za dengalo.

Chithunzi chimene amayi akufuna, chokhala ndi nyumbayo ndi mlatho pamodzi, sichijambulidwa mutaima pakhomo pake. Mumalowa m'munda wa maluwa woyandikana nawo, Royal Botanic Garden, ulere, n'kutsata njira ya m'mbali mwa madzi mpaka ku Mrs Macquarie's Chair. Ndi mphindi 20 kapena kuposerapo, koma njira yake ndi yosalala ndipo mabenchi alipo. Mawondo akakana, musawakakamize. Mubwerere ku Circular Quay mukwere sitima ya pamadzi yopita ku Manly, khadi yake ndi ya Opal yomweyo, theka la ola. Mukhale panja kumbuyo, ikamanyamuka zonse ziwiri zimaoneka bwinobwino amayi ali chikhalire.

Muvale zofunda. Juni wa kuno ndi wozizira ngati wa ku Dedza, kuphatikiza mphepo yochokera pamadzi, ndiye juzi, mpango ndi chipewa. Ndipo mukagula chakudya n'kukhala panja, samalani ndi mbalame zoyera za m'nyanja zija, zimalanda tchipisi m'manja ngati kabawi pa anapiye. Chakudya cha pamenepo n'chodula, ndikukonzerani kamba wochepa woti akwane m'kachikwama.

Dzuwa limalowa cha m'ma 5 koloko nyengo imeneyo. Kukangoda amawalitsa zojambula za eni nthaka a kuno pa denga la mbali ya kum'mawa, amazitcha Badu Gili, mumaonera pamwamba pa masitepe aja, osalipira. Pamenepo ndidzakhala nditaweruka, tidzafunse chikepe kuti amayi akwere. Mudzandidikire pa benchi m'munsi muja, foni ikhale yotchaja.

Imelo ija mutumize lero lomwe, musagone nayo. Mupereke moni kwa alamu ndi ana, ndipo amayi muwauze kuti ndiwaimbira Lamlungu akaweruka kutchalitchi.