Puleti yoimitsa chipolopolo cha mfuti yaikulu: muisankhe bwanji?

[Pa tebulo pali jekete yofewa ndi mapuleti atatu]

Moni nonse amene mukutionera. Jekete yofewa mukuionayi ndi imene anthu ambiri amangoitcha bulletproof. Chipolopolo cha mfuti yaing'ono ya m'manja imachigwira ndithu. Koma cha AK-47 chimaiboola, ngakhale jeketeyo ikhale yongotuluka kumene ku fakitale. Nkhani yagona pa liwiro. Zipolopolo zimene amayesera jekete yofewa yamphamvu kwambiri, ya mlingo wa IIIA, sizifika mamita 450 pa sekondi. Cha AK-47 chimathamanga mamita opitirira 700, ndipo zina za saizi ya mamilimita 5.56 zimayandikira 1,000. Ulusi wa jekete sungapirire zimenezo. Pamafunika puleti yolimba, imodzi pachifuwa, ina kumsana.

Vidiyoyi ndi ya atolankhani opita kumene kukumenyedwa nkhondo, alonda a nyama zakutchire, operekeza magalimoto a ndalama, ogwira ntchito zachifundo m'madera a zipolowe, komanso mabwana amene amawagulira anthu amenewa zida. Funso limene ambiri amayamba nalo ndi lakuti, puleti yamphamvu kuposa onse ndi iti? Ine ndikupemphani muyambe ndi lina: kumene ndikupitako, anthu amaombera mfuti yanji, ndipo muli chipolopolo chanji?

[Pa sikirini paoneka malemba: NIJ 0101.06]

Pa mapuleti ambiri ogulitsidwa padziko lapansi mupezapo zilembo zitatu, NIJ. Limeneli ndi bungwe la boma la America, National Institute of Justice, limene limakhazikitsa mayeso a zovala zotetezera apolisi. Maiko ena ali ndi miyezo yawo, monga VPAM ya ku Germany ndi GOST ya ku Russia, koma wa NIJ ndi umene mukumane nawo kawirikawiri.

Muyezo umene unatuluka mu 2008, wa 0101.06, uli ndi milingo iwiri ya mfuti zikuluzikulu. Mlingo wa III: puleti imaomberedwa kasanu ndi kamodzi ndi chipolopolo cha 7.62x51 chotchedwa M80, pa liwiro la mamita 847 pa sekondi. Mlingo wa IV: imaomberedwa ndi chipolopolo cha .30-06 M2 AP, chimene chinapangidwira kuboola zitsulo, pa mamita 878 pa sekondi. Koma mvetsetsani apa. Kuti puleti ipatsidwe mlingo wa IV, chipolopolo chimodzi chokha chimakwanira. Choncho IV sikutanthauza kuti puletiyo ipirira zipolopolo zambiri kuposa ya III. Ikutanthauza kuti inaimitsa chipolopolo choopsa kwambiri, mwina kamodzi kokha. Mapuleti abwino a IV amaimitsa zingapo, koma zimenezo muzifunse kwa wopanga, nambala payokha sikulonjeza.

Vuto lalikulu la mlingo wa III ndi zimene unasiya osayesa. Mulibe chipolopolo cha AK-47. Mulibenso 5.56, chimene chimagwiritsidwa ntchito mu M16, M4 ndi mfuti zambiri za asilikali a NATO. Munthu angaganize kuti puleti imene yaimitsa chipolopolo chachikulu cha 7.62x51 singalephere kachipolopolo kakang'ono ka 5.56. Imalephera. Tifikako posachedwa.

Makampani ataona mpatawo anayamba kulemba III+ pa katundu wawo. Mlingo umenewo NIJ ilibe. Kampani ina ikalemba III+ imatanthauza kuti puleti yake imaimitsa M855, ina imatanthauza M193 (yonseyi ndi mitundu ya chipolopolo cha 5.56), ina sitanthauza chilichonse chimene ingakusonyezeni papepala. Mukaona kachizindikiro kophatikizako, funsani kuti, mwaphatikiza chipolopolo chiti, pa liwiro lanji, ndipo anayesa ndani?

Mu 2023 NIJ inatulutsa muyezo watsopano, 0101.07, ndipo maina anasintha. Tsopano pali RF1, RF2 ndi RF3. RF1 imayesedwa ndi M80 chija, chipolopolo cha AK-47 cha 7.62x39 chokhala ndi chitsulo chofewa mkati, ndi 5.56 M193. RF2 imayesedwa ndi zonsezo kuphatikizapo M855, chija cha nsonga yobiriwira. RF3 ndi imene yalowa m'malo mwa IV. Pamsika mupeza maina akale ndi atsopano ali limodzi, ndiye muwadziwe onse.

[Wolankhula anyamula puleti yachitsulo]

Tiyeni tione mapuletiwo. Iyi ndi yachitsulo, ambiri amaitcha AR500. Ndi yotsika mtengo, yopyapyala, ndipo mutha kuigwetsa kangapo osasweka. Anthu ongoyamba kumene amaikonda chifukwa munthu akaigwira amamva kuti wagwiradi chinthu. Ine ndikanakhala wogulira anthu zida, ndikanaisiya, ndipo zifukwa zake ndi zitatu.

Choyamba ndi kulemera. Puleti yachitsulo ya masentimita 25 m'lifupi ndi 30 m'litali imalemera pafupifupi makilogalamu 3.5 mpaka 4. Ziwiri ndi makilogalamu 7 kapena 8, musanawerengere chonyamulira, madzi, kamera kapena wailesi. Chachiwiri ndi M193. Kachipolopolo kameneka ndi kopepuka, koma kamathamanga pafupifupi mamita 990 pa sekondi, ndipo chitsulo chimagonja ndi liwiro. Mapuleti ena achitsulo amene anakhoza mayeso a III amabooledwa ndi M193 ikaomberedwa pafupi ndi mfuti ya mpope wautali.

Chachitatu ndi chimene chimandidetsa nkhawa koposa. Chipolopolo chikamenya chitsulo sichimira mkati. Chimaphwanyika, ndipo zidutswa zake zimamwazika motsata nkhope ya puletiyo: kumwamba, kumbali, pansi. Kumwamba kuli khosi ndi chibwano. Kumbali kuli mikono. Pansi pali ntchafu ndi mphechepeche. Malo onsewa muli mitsempha ikuluikulu ya magazi, ndipo puleti sinawaphimbe. Opanga amamata mphira wochindikala pamwamba kuti agwire zidutswazo, ndipo amathandizadi, koma akamenyedwa kangapo amayamba kumatuka. Puleti imatha kukhoza ntchito yake, chipolopolo osalowa pachifuwa, munthu n'kuvulala pakhosi.

[Anyamula puleti yachiwiri ndi dzanja limodzi]

Iyi ndi ya pulasitiki yapadera yotchedwa polyethylene. Maina a ulusi wake odziwika bwino ndi Dyneema ndi Spectra. Amasanja timapepala ta ulusiwu tambirimbiri n'kutipanikiza pa moto mpaka tikhale thabwa limodzi. Chipolopolo chikalowa, ulusi umachikola monga ukonde ukolera mpira, mphamvu yake n'kumwazikira m'mbali mpaka chitaima. Imalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, ndipo imayandama pamadzi, nkhani yabwino kwa ogwira ntchito m'maboti. M80 imaimitsa, M193 imaimitsanso bwino.

Koma M855 ili ndi kachitsulo kolimba kunsonga, ndipo kachitsuloko kamadula ulusi n'kudutsa. Mwaona tsopano mmene zakhalira: chitsulo chimagonja kwa M193, polyethylene imagonja kwa M855, pamene onse awiri alembedwa III. N'chifukwa chake ndinati muyambe ndi chipolopolo. Polyethylene sigwirizananso ndi kutentha kwambiri. Musaisiye masiku ambiri m'galimoto yotsekedwa padzuwa. Ndi yochindikalanso, ndipo mtengo wake ndi wokwera.

[Anyamula puleti yachitatu]

Yachitatu ndi ya seramiki, ndipo ndi mtundu umene asilikali a America amavala mu mapuleti awo a SAPI ndi ESAPI. Kutsogolo kuli seramiki yolimba kuposa chitsulo cha chipolopolo. Kumbuyo kuli polyethylene kapena ulusi wina. Chipolopolo chikamenya, seramiki imachiswa nsonga ndi kuchipera, nayonso n'kusweka pamalopo, kenako ulusi wakumbuyo umagwira zotsalazo. Kuswekako ndi mmene imagwirira ntchito, mphamvu ya chipolopolo imathera pomwepo.

Seramiki ilipo mitundu itatu yodziwika. Alumina ndi yotsika mtengo koma yolemera. Silicon carbide ili pakati. Boron carbide ndi yopepuka kwambiri, ndalama zakenso ndi zambiri. Puleti wamba ya IV ya alumina imalemera pafupifupi makilogalamu 3, ina kuposerapo. Pafupifupi mapuleti onse a IV amene munthu angavale ndi a seramiki.

Anthu amaopa kuti seramiki ikagwa kamodzi yatha. Mantha amenewa ndi opitirira. Mayeso a NIJ amaphatikizapo kuigwetsa puleti, kuiika motentha ndi mozizira, ndi kuimiza m'madzi isanaomberedwe. Komabe si chinthu choponyera kumbuyo kwa lole kapena kukhalira. Mng'alu wa mkati suoneka ndi maso. Muziigwedeza pafupi ndi khutu, muziipotoza pang'ono ndi manja. Mukamva kuyoyoka kapena kukhukhuluza mkati, kapena chikuto chake chang'ambika, ichotseni pa ntchito. Magulu a asilikali amajambula mapuleti awo ndi X-ray pofufuza ming'alu yotereyi. Ndipo puleti iliyonse imene yaomberedwa, ngakhale kamodzi, yamaliza ntchito yake.

Ndiye musankhe iti? Ngati kumene mukupita kuli ma AK-47 ndi mfuti za 5.56 zosakanikirana, mmene zilili m'madera ambiri a nkhondo, puleti ya RF2, kapena III+ imene ili ndi lipoti losonyeza M855, M193 ndi 7.62x39, ndi imene ndingakulozereni poyamba. Kawirikawiri imakhala ya seramiki yopyapyala ndi polyethylene, yopepukirapo kuposa IV. Ngati pali umboni wakuti kuli zipolopolo zoboola zitsulo, tengani IV kapena RF3, mulolere kulemerako. Ngati ndalama ndi zochepa, IV ya alumina yochokera ku kampani yodalirika nthawi zambiri siposa patali mtengo wa chitsulo chomatidwa bwino, ndipo imateteza ku zambiri.

Kulemera musakutenge mopepuka. Munthu amene akuyenda maola ambiri padzuwa atasenza makilogalamu 8 pachifuwa ndi kumsana amatopa, amachedwa kuthamanga, ndipo tsiku lachitatu amavula chovalacho n'kuchisiya pampando wa galimoto. Wogula zida ali mu ofesi saziona zimenezi. Puleti yopepukirapo imene mlonda aivaledi tsiku lonse ndi yothandiza kuposa ya IV imene ili m'galimoto.

[Pa sikirini paoneka lebulo ya kumbuyo kwa puleti]

Tembenuzani puleti muwerenge lebulo. Payenera kukhala dzina la wopanga, nambala ya modelo, mlingo, tsiku limene inapangidwa ndi mbali yoyang'ana kunja. Kenako pitani pa intaneti, pa mndandanda wa NIJ wa katundu wovomerezeka, Compliant Products List, mufufuze modelo yomweyo. Osati dzina la kampani lokha, chifukwa kampani ikhoza kukhala ndi modelo imodzi yovomerezeka ndi khumi zosavomerezeka. Mawu akuti inayesedwa motsatira muyezo wa NIJ ndi osiyana ndi akuti NIJ inaivomereza. Oyambawo aliyense akhoza kulemba. Pali mapuleti abwino amene sali pa mndandandawo, makamaka opangidwira zipolopolo zapadera, koma wogulitsa woona mtima amakupatsani lipoti la labotale yoima payokha. Wokana kukupatsani lipoti musamugule. Vidiyo ya munthu akuombera puleti kuthengo si lipoti.

Onaninso zilembo izi: ICW. Puleti yolembedwa chomwecho imafika pa mlingo wake pokhapokha kumbuyo kwake kuli jekete yofewa imene inayesedwa nayo. Yolembedwa standalone imadziimira payokha. Kuvala ya ICW yokha ndi kudziika pangozi osadziwa.

Mu lipotilo muonenso kuzama kwa dzenje. Poyesa, kumbuyo kwa puleti amaikako dongo, ndipo dzenje limene latsala padongolo lisapitirire mamilimita 44. Tangoyezani mamilimita 44 ndi zala, muganize kuti akulowa m'chifuwa chanu. Chipolopolo chikaimitsidwa, nthiti zimatha kuthyoka, mapapo n'kuvulala mkati. Munthu woomberedwa pa puleti apite kuchipatala ngakhale asaone magazi.

[Wolankhula aima, avala chonyamulira mapuleti]

Tsopano kavalidwe, pamene ambiri amalakwitsa. Gwirani kadzenje kamene kali m'munsi mwa khosi, pamene mafupa awiri a m'mapewa amakumana. M'mphepete mwa pamwamba mwa puleti muyenera kufika pamenepo. Ambiri amaivala mmunsi, pamimba, chifukwa ndi pomwe sikuwasowetsa mtendere, koma potero amasiya poyera mitsempha ikuluikulu yotuluka pamwamba pa mtima. M'lifupi iphimbe kuchokera pa nsonga ya bere lina kufika pa linzake. M'munsi ithere zala ziwiri kapena zitatu pamwamba pa mchombo, kuti muzitha kukhala pansi ndi kuwerama. Yakumsana ilingane ndi yakutsogolo, isalendewere m'chiuno.

Saizi ya masentimita 25 ndi 30 imakwanira anthu ambiri, koma osati onse. Munthu wathupi laling'ono akavala yaikulu amalephera kutambasula manja. Dziyezeni musanagule, ndipo mugule puleti poyamba, chonyamulira pambuyo, kuti zigwirizane. Pa kapindikidwe, yopindika mbali zingapo imakhala bwino pathupi kuposa yopindika kumodzi, makamaka kwa amayi. Ndalama yowonjezerayo siyotayika. Ngodya zam'mwamba zimadulidwanso mosiyanasiyana: zodulidwa kwambiri zimamasula mapewa koma zimaphimba pochepa.

Za kaunjika: musagule puleti imene simukudziwa kumene yachokera. Opanga ambiri amatsimikizira katundu wawo kwa zaka 5, ena 10. Tsikulo likadutsa sikuti puleti yafa pomwepo, koma palibenso amene akuiikira kumbuyo, ndipo simudziwa kuti inagwa kangati kapena inakhala padzuwa nthawi yaitali bwanji.

Malamulo amasiyana dziko ndi dziko. Kwina munthu wamba amagula momasuka, kwina pamafunika chilolezo, ndipo maiko ambiri amaika mapuletiwa m'gulu la zida zankhondo zimene sizidutsa pa malire popanda mapepala. Atolankhani ena anamangidwapo pa mabwalo a ndege chifukwa chonyamula zovala zotere. Funsani malamulo a dziko limene mukuchokera, limene mukudutsamo ndi limene mukupita, musananyamuke.

Mapuleti awiriwa amaphimba mtima, gawo lalikulu la mapapo ndi mbali ya msana. Khosi, m'khwapa, mimba ya mmunsi, mikono ndi miyendo zili poyera. Mtsempha waukulu wa pantchafu ukaduka, munthu amatha kufa m'mphindi zochepa chifukwa chotaya magazi. Pa bajeti yanu muikepo tourniquet, lamba womanga mkono kapena mwendo kuti magazi asiye kutuluka, mumumangirire pa chonyamulira pamalo amene dzanja lililonse lingafikepo, ndipo mupeze wophunzitsa wodziwa akuphunzitseni kumumanga ndi dzanja limodzi.