Kufiiritsa nkhukundembo mu uvuni

Zikomo amayi ndi abambo, tiyeni tiyambepo. Ndifunse kaye: ndi angati muno amene munatulutsapo nkhukundembo mu uvuni, mkati itapsa bwinobwino, koma khungu lili mbuu ngati mwachita kuiwiritsa mumphika? Eya, manja ndi ambiri ndithu. Inenso zinandichitikirapo. Tsiku limenelo ndinkanyoza uvuni kuti ndi wotha ntchito, chonsecho cholakwa chinali chinyezi cha pakhungu.

Madzi amawira pa madigiri 100 a Celsius, ndipo malinga ngati khungu lili lonyowa, kutentha kwake sikupitirira pamenepo, uvuni utenthe bwanji. Kufiira kumene tikukufunaku kumayamba kuoneka khungu likafika cha m'ma 140. Apo mpamene mapuloteni ndi timashuga ta m'khungumo zimagwirana nkutulutsa mtundu uja ndi fungo lokoma lija. Amene anayamba kufotokoza zimenezi ndi wasayansi wa ku France, Louis-Camille Maillard, mu 1912. Dzinalo mukhoza kuliiwala, koma gwirani ichi: moto umayamba waumitsa khungu, kenako nkulifiiritsa. Mukalowetsa mbalame yonyowa, nthawi yambiri ithera kuumitsa.

Ndiye ntchito yeniyeni imayamba dzulo lake. Ngati nkhukundembo yanu inali youma ndi ayezi, isungunukire mufiriji, tsiku limodzi pa makilogalamu awiri alionse. Ya makilogalamu 6 ifuna masiku atatu. Ikasungunuka musaitsuke pampope, chifukwa madzi othovukawo amangomwaza tizilombo m'khitchini. Ipukuteni ndi mapepala opukutira, kunja ndi mkati, m'khwapa mwa mapiko ndi m'mphechepeche mwa ntchafu momwe. Kenako iwazeni mchere thupi lonse, muiike pathireyi, igone mufiriji usiku wonse yosavindikira. Inde mayi, yosavindikira! Mphepo ya mufiriji ndi youma, imayamwa chinyezi. Ingoikeni pashelefu ya pansi kuti isadonthezere zakudya zina. M'mawa mupeza khungu lakungika, likuoneka ngati pepala. Musadandaule, ndi mmene liyenera kukhalira.

Za mafuta anthu amatsutsana. Batala amakoma, koma ali ndi madzi pang'ono, ndipo nthawi zina amasiya mawangamawanga. Mafuta ophikira amafiiritsa mofanana paliponse. Ine ndimalowetsa batala kunsi kwa khungu la pachifuwa, kunja nkupaka mafuta ophikira pang'ono chabe.

Chiwaya chikhale chosazama, mbalame ikhale pamwamba pa waya kuti mpweya wotentha uizungulire. M'chiwaya chakuya, ntchafu zimabisala ndipo zimangophikika ndi nthunzi. Uvuni utenthe kaye kufika pa 220, mbalame ilowe pashelefu ya m'munsi kwa mphindi 30, kenako tsitsani moto ufike pa 165 mpaka ipse.

Bambo kumbuyoko mwafunsa za kumaithira msuzi wake pamwamba ikupsa. Ndikudziwa ambiri tinaphunzira choncho, koma ine ndinasiya. Taganizani, usiku wonse mwakhala mukuumitsa khungu, ndiye mukulinyowetsanso mphindi makumi awiri zilizonse? Komanso mukatsegula chitseko kutentha kumathawa, uvuni nkuyambanso kudzikoka. Msuziwo sulowanso m'nyama, umangotsetsereka pakhungu kubwerera m'chiwaya. Ngati dzanja likukuyabwani, pakani mafuta okhaokha, kamodzi kapena kawiri. Chifukwa china chotsegulira ndi kutembenuza chiwaya nthawi ikafika pakati, poti mauvuni ambiri amatentha kwambiri kumbuyo.

Chifuwa ndi nsonga za mapiko zimafiira msanga kuposa ntchafu. Mukaona chifuwa chafika pa mtundu umene mukufuna, chifunditseni foyilo mongoyalapo, osamanga. Uchi kapena chilichonse cha shuga chidikire mphindi 15 zomaliza. Mukafulumira nacho, chipserera bii nyama isanapse.

Mtundu usakupusitseni. Nkhukundembo ikhoza kufiira mokongola mkati mukadali mwamuwisi. Bayani chipangizo choyezera kutentha pamnofu wochindikala wa ntchafu, osakhudza fupa, kenako pachifuwa. Ponse pawiri pafike madigiri 74. Ngati yapsa koma ikadali yotuwa, kwezani moto kubwerera pa 220 kwa mphindi zisanu kapena khumi, inu muli chiimire pomwepo, maso pagalasi.

Mukaitulutsa, ipume mphindi 30 musanaidule, kuti madzi a m'nyama akhazikike. Apa mpamene ambiri amataya ntchito yonse, poikulunga ndi foyilo kuti isazizire. Nthunzi imatsekeredwa mkati, khungu lija nkulobodoka. Mbalame yaikulu chonchi siizizira msanga, isiyeni poyera.

Tsopano sunthirani kuno pafupi ndi tebulo, muone mmene ndikulowetsera zala kunsi kwa khungu osaling'amba.