Makalata a Omvera: Mauritius wa Kuseri kwa Mahotela

Takulandirani, omvera athu, ku gawo la makalata. Yoyamba yachokera kwa bambo wina wa ku Zomba, amene akuti: "Ndikupita ku Mauritius kumsonkhano wa kuntchito, ndipo ndidzakhala ndi masiku opuma. Ine ndinazolowera kukwera phiri la Mulanje, koma zithunzi za dzikolo zimangoonetsa mahotela ndi mchenga wa m'mphepete mwa nyanja. Kodi munthu wokonda kuyenda m'tchire angalowere kuti?"

Zikomo kwambiri, bambo. Mapiri a ku Mauritius ndi aafupi, pakuti lalitali kuposa onse, Piton de la Petite Rivière Noire, limangofika mamita 828, pamene Sapitwa wanu uja amapitirira mamita 3,000, komabe musawaderere. Phirili lili m'nkhalango yotetezedwa ya Black River Gorges, imene inakhazikitsidwa mu 1994, ndipo njira zambiri zoyenda pansi zimayambira pamalo otchedwa Pétrin. M'nkhalangomo muli kamtema wa mtundu wopezeka pachilumbachi pokha, amene mu 1974 anangotsala anayi m'tchire, koma akatswiri anamupulumutsa mpaka anachulukananso.

Kumene ine ndingakonde kwambiri kuti mukafike ndi ku Le Morne Brabant, chimwala chachikulu cha kum'mwera chakumadzulo, chimene bungwe la UNESCO linachiika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 2008. M'mapanga ake munkabisala akapolo othawa ambuye awo, ambiri a iwo ogwidwa ku Madagascar ndi ku Mozambique, choncho mbiri ya malowa si yachilendo kwa ife. Chigawo choyamba cha njira n'chosavuta, koma chakumapeto mumakwera mokwawa, mukugwira miyala ndi manja, nyanja ili pansi panu. Mukalawirire m'mamawa dzuwa lisanawawe, mukatenge munthu wodziwa njira, ndipo kukagwa mvula mukangosiya, chifukwa miyalayo imaterera koopsa.

Kalata yachiwiri ndi ya mayi wina amene amakhala ku Johannesburg. Iwo akufunsa mwachidule za malo opanda piringupiringu oti n'kupitako ndi ana, komanso nyengo yoyenera ulendowu.

Mayi, yankho langa ndi Rodrigues, chilumba chaching'ono cha dziko lomweli, chimene chili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 560 kum'mawa kwa chilumba chachikulu, ulendo wa ola limodzi ndi theka pa ndege. Ana akasangalala kumalo osungirako zachilengedwe a François Leguat, kumene afulu akuluakulu amangoyenda momasuka pafupi ndi alendo, ndiponso kuphanga la Caverne Patate, limene anthu amalowamo ndi matochi. Loweruka m'mawa mukafike kumsika wa ku Port Mathurin, kumene amayi amagulitsa tsabola ndi mandimu za m'mabotolo, madengu oluka, ndi octopus (nyama ya m'nyanja ya miyendo isanu ndi itatu) youmitsa padzuwa, imene kumeneko ndi ndiwo yotchuka.

Kunena za nyengo, sankhani miyezi ya pakati pa Meyi ndi Okutobala, pamene kumakhala kozizirirako ndipo mvula imachepa. Kuyambira Novembala mpaka Epulo ndi nthawi ya anamondwe, ndipo mukukumbukira kuti Freddy, amene anasakaza chigawo chakum'mwera kwa Malawi mu Malichi 2023, anali atadutsa kumpoto kwa Mauritius mwezi wa Febuluwale. Ndege za ku Rodrigues n'zazing'ono, choncho matikiti mugulire nthawi ikadalipo.