Ntchito ya QA: Akuti Ndi Kungodina Mabatani? Bodza Limenelo!

Moni nonse, takulandiraninso! Lero tikukamba za ntchito yoyesa mapulogalamu a kompyuta ndi a pafoni, imene m'makampani amaitcha QA. Ngati ndinu achilendo pano, dinani subscribe pansipa tipitire limodzi.

Mwachidule, developer amalemba pulogalamu, tester amaisaka zolakwika isanafike kwa anthu. Cholakwikacho ndiye bug. Tiyeni ku masitepe olowera ntchitoyi.

Choyamba, phunzirani kulemba lipoti la bug: ndinadina apa, ndimayembekezera chakuti, koma chachitika ndi chakuti. Makampani ambiri amalemba zimenezi mu Jira, pulogalamu yosungira ndi kulondolozera ma bug ndi ntchito zina.

Chachiwiri, lembani mayeso a satifiketi ya ISTQB Foundation, satifiketi yoyambira ya ma tester yodziwika m'mayiko ambiri. Mafunso alipo 40, mukakhoza 26 mwadutsa.

Chachitatu... ayi, tadikirani kaye. Pali mawu ena amene amandipweteka mtima: akuti testing ndi ya amene coding (kulemba mapulogalamu) inawakanika, ntchito yake kungodinadina mabatani. Anzanga, ili ndi bodza lamkunkhuniza!

Taganizirani mayi akutumiza K20,000 kumudzi pa app ya pafoni. Adina "send", netiweki n'kudula. Foni ingoti zii. Iwo adinanso kachiwiri. Ndalama zipite kamodzi kapena kawiri? Nanga wina akalemba ziro? Nanga batire likatha ndalama zili panjira? Developer maganizo ake amakhala poti chinthu chigwire ntchito. Amene amakhala pansi n'kumafunsa mafunso ovutawa ndi tester, ndipo pamafunika mutu.

Pa 4 June 1996, roketi ya mayiko a ku Ulaya ya Ariane 5 inaphulika ku Kourou, m'dziko la French Guiana, patangodutsa masekondi pafupifupi 40 chinyamukireni. Akatswiri anatenga pulogalamu ya roketi yakale ya Ariane 4 n'kuiika m'roketi yatsopano osaiyesa ndi kaulukidwe ka roketi yatsopanoyo, ndiye nambala ina inakula mpaka kulephera kukwana m'malo ochepa (a 16-bit) amene kompyuta inaisungira. Ndipo nonse mukukumbukira pa 19 July 2024, pomwe update ya CrowdStrike, kampani yoteteza makompyuta, inagwetsa makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni. Ndege zinalephera kunyamuka, m'zipatala ndi m'mabanki zinthu zinasokonekera. Ndiye wina aziti kuyesa ndi ntchito yapansi? Tandiuzani m'makomenti ngati munamvapo zimenezi kuntchito kwanu, ndiwerenga onse.

Komanso tester walero amalemba code! Ndiye sitepe yathu yachitatu ija: phunzirani chilankhulo cholembera mapulogalamu cha Python kapena Java pang'onopang'ono, kenako chida choyesera mawebusayiti cha Selenium kapena Playwright, kuti kompyuta izibwereza yokha mayeso usiku inu mukugona.

Chachinayi, musadikire kulembedwa ntchito. Tengani app iliyonse ili m'foni mwanu, muzimitse data pakatikati, mulembe dzina lalitali kwambiri, mulembe zilembo pamalo a nambala, zonse mwaonazo muzisunge mu Excel. Pa intavyu mudzakhala ndi choonetsa.

Sabata yamawa ndikuonetsani kayesedwe ka API (njira imene mapulogalamu amalankhulirana) ndi chida chotchedwa Postman, pa sikirini, sitepe ndi sitepe. Dinani kabelu kaja kuti isakupiteni, ndipo vidiyoyi mumutumizire mnzanu amene akusaka ntchito ya IT.