Mwana wamantha samenyedwa

Zikomo amfumu, zikomo amayi ndi abambo. Akumbuyoko mukundimva? Sunthirani kuno, pamthunzi pano malo alipo.

Chatisonkhanitsa mukuchidziwa. Lachiwiri usiku, mvula yoyamba ija itangoyamba kugunda pamalata, mwana wina wa muno m'Chilobwe anatsegula chitseko n'kuliyatsa liwiro mumdima. Anakampeza kuseri kwa tchalitchi ali njenjenje, zovala zili chonyowa. Dzina sinditchula. Atabwera naye kunyumba anamulandira ndi chikwapu, ati wachititsa anthu manyazi. Ndiye ine ndabwera ndi mawu amodzi okha: mwana wamantha samenyedwa.

Namondwe Freddy atatigwera mu Marichi 2023, akuluakulufe tinaika maliro, tinachoka m'makampu, tinaumbanso njerwa. Za ana tinangoti, "Ngaang'ono awa, aiwala." Aiwala pati? Anamva ndi makutu awo miyala ndi matope zikutsika m'phiri la Sochelo. Anaona anthu akufukulidwa ndi makasu. Tsiku lake mwana akhoza kuliiwala, koma thupi limasunga. Mvula ikati waa pamalata, mtima umayamba kugunda, miyendo imathamanga yokha iye asanaganize n'komwe. Si mwano umenewo, ndiponso sanalodzedwe.

Mudzaona mwana amene anasiya kalekale wayambiranso kukodza pogona. Wina kubwebweta kutulo, wina kukakamira chitenje cha mayi ake ngakhale popita kuchimbudzi, wina ndewu kusukulu, wina wangoti zii, mpira osaufunanso.

Ndiponso si Freddy yekha ayi, tisanamizire mvula zonse. Bambo kubwera ataledzera, mbale kuuluka, ana ali maso pamphasa kunamizira kugona. Mayi wamwalira, ife n'kumuuza mwana kuti apita ku Joni abwera, mwana n'kumakhala pamsewu kudikira basi. Inenso ndisadziyeretse. Wanga woyamba ndinkamuopseza kuti ukalira ndikuitanira adokotala akubaye jakisoni. Tsiku limene anadwala malungo, tinachita kumugwira anthu atatu kuti alowe m'chipatala. Ndinadzipalira ndekha.

(Bambo wina: "Nanga ife amene tinakula ndi chikwapu, tinafa?")

Simunafe bambo, ndipo tithokoze Mulungu. Koma ndikufunseni. Mukakwapulidwa muja, munkathawira kuti? Kwa agogo, eti? Onani mukuseka. Agogo ankakufungatirani, kukuwotcherani mbatata, madzulo nthano pamoto mpaka mtima utsike. Chinakusungani ndi chimenecho. Lero tili m'nyumba za lendi, agogo ali ku Thyolo kapena ku Mulanje, mayi analawirira kugeni ku Limbe. Chikwapu tabwera nacho m'tauni, agogo tawasiya kumudzi. Mwanayo athawire kwa yani?

Sindikuti mwana asadzudzulidwe. Akaba ndalama ya ndiwo mukhazikeni pansi, abweze, mummane zosewera. Kumeneko n'kulera. Koma mantha si mlandu. Mukamumenya chifukwa wanyowetsa mphasa, mawa adzabisa mphasayo, waphunzira kuti zovuta sanena. Ndiye tsiku lina munthu wamkulu akadzamugwira malo osayenera n'kumuuza kuti ukakanena akakumenya, mukuganiza kuti adzabwera kwa inu? Ndibwerezenso bambo, mwana wamantha samenyedwa.

Ndaona ena ayamba kuyang'ana kumwamba, zovala zili pachingwe. Ndifulumire.

Mvula ikayamba usiku muyandikireni, mugwireni dzanja, muuzeni kuti ndili pano. Akafuna kufotokoza mumvetsereni, akakana musamukakamize. Za imfa muuzeni zoona, m'mawu a msinkhu wake. Kudya, kugona, sukulu, zikhale pa nthawi yake tsiku lililonse, aang'onowa apite kumkombaphala akasewere ndi anzawo. Muuziretu kumene banja lidzathawire madzi akachuluka, komanso mumpatse kantchito kake, kaya kusunga tochi. Zokangana zanu kakanganireni kutali. Pakapita mwezi zinthu osasintha, kapena mwana wasiya kudya, kapena akunena zofuna kufa, musadikire, thamangani naye kuchipatala. Ngati wachitidwa nkhanza imbani 116, ndi yaulere, kapena pitani kupolisi ku Victim Support Unit. Osakambirana zolipirana mbuzi kuseri. Ndipo mwana wamantha atani?

(Anthu: "Samenyedwa!")

Eya. Amene ali ndi zoti tikambirane awiri, ine ndikhala pansi pa mtengo uwo mpaka 4 koloko. Enanu thamangirani zovala, yayamba kudontha.